Ziguduli Zonyowa pa Lole ya a Zakeyu Namakhwa

A Zakeyu Namakhwa anayendetsa lole ya pa esiteti zaka khumi ndi zinayi, ndipo pa zaka zonsezo sanagundepo ngakhale nkhuku. Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wosachulutsa mawu. Makolo awo anachokera kuseri kwa phiri la Mulanje iwo ali kumsana, n'kudzakhazikika cha ku Nchilamwela pa malo a mzungu, pamene munthu ankalipira pogona ndi thukuta lake. Anayamba ndi kuthyola tiyi monga aliyense. Atakhwima pang'ono, kapitawo anawaika ku shedi ya sikelo, kumene masamba ankadikirira galimoto yopita nawo ku fakitale.

Ku shediko n'kumene anaphunzira chinthu chimene anayenda nacho moyo wawo wonse: kutentha kumawononga. Masamba a tiyi akaunjikidwa amatentha okha m'kati mwa mulu. Ukapisa mkono umakhala ngati wakhudza munthu wa malungo. Ukachedwa kuwatembenuza amafiira, ndipo a ku fakitale amawakana, ntchito ya anthu a tsiku lonse n'kupita pachabe. Choncho a Zakeyu ankangokhalira kumwaza masamba, kuwasunthira pamthunzi, ndipo dzuwa likakula ankawafunditsa ziguduli zonyowa.

Nkhondo yaikulu yachiwiri itatha, anawatenga kuti aphunzire galimoto kwa a Malizani, dalaivala woyamba wa esitetiyo. Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, lole yakale ija inali kukwera chitunda itadzaza masamba. Pansi pa mipando panayamba kulira ngati galu wopondedwa, kenaka panamveka fungo la chitsulo chopsa, galimoto n'kuima. A Zakeyu anakwawira pansi, n'kukhudza giyabokosi, bokosi lachitsulo lija lokhala ndi magiya. Chikhatho chawo chinatuluka matuza. Pamene ngolo za ng'ombe zinkafika n'kuti masamba onse atafiira. A Malizani anawachotsa ntchito tsiku lomwelo, ndipo sabata isanathe anali atatuluka m'nyumba ya kampani ndi ana asanu ndi mmodzi.

Palibe amene anafotokozera a Zakeyu chimene chinachitika m'kati mwa bokosilo. Iwo anangoona ndi maso awo, n'kumva ndi chikhatho chawo. Atapatsidwa lole yawoyawo chaka chotsatira, anatenga ziguduli zitatu ku shedi, n'kuzimangirira ndi waya kuzungulira giyabokosi. Anapachika ndowa kumbuyo kwa kabini. Pa mtsinje uliwonse ankaima, n'kutunga madzi, n'kukwawira pansi kukanyowetsa ziguduli. Injini sankaizimitsa, chifukwa kuilizanso ndi hendulo kunali kothyola msana. Ankachita zimenezi dzuwa, mvula, ngakhale chifunga. Anthu anazolowera. Amayi ochapa pa mitsinje ankati akamva lole ikuima amadziwa kuti nthawi yakwana yokaphikira ana.

Anakwatira a Salome a ku Goliati, ndipo Mulungu anawapatsa ana anayi. Ku tchalitchi anawasankha kukhala mkulu wa mpingo, ndipo tsiku la Mgonero ndi iwo amene ankayendetsa chikho. M'mawa uliwonse asanagwire chiwongolero ankavula chipewa n'kupemphera pang'ono. Sankamwa mowa. Sankanyamula anthu m'njira kuti alandire kangachepe, monga ankachitira madalaivala ena. Dzina labwino ndiye chinali chuma chawo, popeza china analibe.

M'chaka cha 1958 kunabwera bwana watsopano woyang'anira galaja, mnyamata wa nkhope yofiira, ndipo kampani inagula malole awiri ofanana ngati mapasa. Imodzi anapatsa a Zakeyu, inayo anapatsa mlamu wawo a Stafford, mchimwene wake wa a Salome, munthu wa nthabwala ndi wothamangitsa galimoto. Inali nyengo yozizira, masamba atachepa m'minda, ndipo malole onse awiri ankanyamula mabokosi a tiyi wouma kupita ku siteshoni ya sitima ku Luchenza, kawiri pa tsiku. Kale petulo ankangopopa mu diramu popanda woyeza. Bwana watsopanoyu anabwera ndi ndodo yolembedwa mizere. M'mawa ankaiviika mu thanki, madzulo n'kuiviikanso.

Sabata yoyamba anangoyeza. Yachiwiri anaitana a Zakeyu.

"Iwe Zakeyu," anatero m'Chinyanja chake chopotoka, kwa munthu amene akanatha kukhala bambo wake. "Galimoto imodzimodzi. Msewu umodzimodzi. Katundu mmodzimodzi. Stafford petulo pang'ono, iwe petulo wambiri. Galoni imodzi tsiku lililonse. Akupita kuti?"

"Sindikudziwa, bwana."

"Ine ndikudziwa. Mwezi ukatha, ndodo ikanena chimodzimodzi, usiye kiyi, usiye nyumba."

A Zakeyu anatuluka chipewa chili m'manja. Sanakwiye. Anangomva kutopa, kutopa kwa m'mafupa, ngati munthu amene wafika pamwamba pa chitunda n'kupeza kuti patsogolo pali chinanso.

Nkhani ya pa esiteti sichedwa. Pofika Loweruka m'malayini monse a nyumba za antchito munali mutamveka kuti a Namakhwa amagulitsa petulo kwa mwini chigayo wina ku Luchenza. Amene anakometsa nkhaniyi ndi anthu omwe aja ankawaona tsiku ndi tsiku. Wina anati, "Inu, si uja amaima pa mtsinje n'kulowa pansi pa galimoto ndi ndowa? Ife tinkati ndi madzi." Chinthu chimene anthu anachiona zaka khumi ndi chimodzi osachilabadira chinasanduka umboni tsiku limodzi.

Lamlungu, mapemphero asanayambe, akulu ampingo anzawo anawaitanira pansi pa mtengo wa mkuyu. Amene anayankhula ndi a Dickson, mphunzitsi wopuma, maso ali pansi.

"Bambo Namakhwa, ife sitikuti mwalakwa ayi. Koma anthu akuyankhula. Mgonero uli pafupi. Tati bwanji mubwerere kaye pa benchi, chikho agwire wina, mpaka fumbili litakhazikika."

"Ndamva," anayankha a Zakeyu. Anakakhala kumbuyo, pakati pa anyamata, ndipo nyimbo zonse anaimba ndi pakamwa pokha.

Lolemba m'mawa, pa galaja, a Stafford anawapeza akumanga waya wa ziguduli.

"Alamu, mwadzuka bwanji ndi mkazi wanu wachiwiriyu? Mukumuvekanso chitenje? Ine mlongo wanga simunamugulirepo nsalu zitatu nthawi imodzi."

"Ndisiyeni, alamu."

"Ndikusiyeni bwanji? Mundigawireko petulo wa kuchigayo uja, nanenso ndikagayitse mgaiwa wa ulere."

Ataona kuti nkhope ya a Zakeyu sinasinthe, a Stafford anasiya kuseka. Anawerama pafupi n'kunena motsitsa mawu, "Ine ndikudziwa kuti simungabe, alamu. Inu ngakhale nzimbe yakugwa pa msewu mumafunsa mwini wake. Koma galimotoyi ili ndi chinachake. Pitani kwa a Fabiano."

A Fabiano anali makaniko wamkulu, nkhalamba yowonda imene inaphunzira ntchito ku doko la Kelimane, ya manja akuda ndi oyilo mpaka m'zikhadabo. Anayang'ana thanki, sanapeze podontha. Anatsatira paipi yonse mpaka ku injini, osapeza kanthu. Anamasula kabuleta n'kuitsuka, anasintha mapulagi, anapopa matayala. Madzulo ndodo inanena chimodzimodzi.

"Galimotoyi ilibe matenda," anatero a Fabiano akupukuta manja. "Ndiye kuti matenda ali pa msewu. Mawa ndikwera nanu."

M'mawa mwake kunali chiperoni, kamvula kopyapyala kosaleka, kozizira mpaka m'mano. Ananyamuka mabokosi ali odzaza. A Fabiano anadzikulunga m'jasi lakale la usilikali. Atafika pa mtsinje woyamba, a Zakeyu anaima, anatsika, anatunga madzi n'kukwawira m'matope. Injini inali kulira yokha. Anathira ndowa ziwiri, anakonza waya, anasamba m'manja, n'kubwerera. Pa mtsinje wachiwiri anachita chimodzimodzi. Pa wachitatu a Fabiano anatsika nawo, anapisa dzanja pansi pa chiguduli n'kukhudza chitsulo.

"Mayo ine! A Namakhwa, ichi ndi chitsulo kapena mwala wa mumtsinje?"

"Chazizira bwino, eti?"

"Bwino? Mumatero kangati pa tsiku?"

"Mitsinje itatu popita, itatu pobwera. Maulendo awiri."

"Injini ikulira?"

"Ikulira."

A Fabiano anakhala pa mwala m'kamvula komweko, n'kugwira mutu. "Ine ziguduli zanuzi ndinkaziona, koma ndinkati n'zotchinga fumbi. Kani mumazinyowetsa ngati masamba a ku sikelo?"

Atabwerera ku galaja masana, a Fabiano anamasula kabawuti ka pansi pa giyabokosi n'kudonthezera oyilo m'zitini ziwiri. Oyiloyo ankatuluka mwaulesi ngati uchi wa m'mawa. Chitini chimodzi anachiika pafupi ndi makala a wosula zitsulo, chinacho anachisiya pa simenti. Patapita kanthawi anapatsa a Zakeyu kamtengo.

"Takasani umu."

A Zakeyu anatakasa m'chitini chozizira. Kamtengo kankayenda movutikira, ngati mwendo m'dambo.

"Tsono umu."

M'chitini chofunda kamtengo kanangoti pyolopyolo.

"Mwaona? Magiya aja amasambira mu oyilo. Oyilo akazizira amalimba, magiya n'kumayenda ngati munthu wolima m'dothi la makande. Amene amawakoka ndi injini, ndipo injini ikamakoka chinthu cholemera imamwa. Oyilo amafuna afunde kuti apepuke. Wopanga galimoto anadziwa zimenezo, n'chifukwa chake bokosilo analisiya pamtetete kuti mphepo yokha izilikwanira. Inu mumati likangoyamba kufunda, ndowa. Likayambanso, ndowa. Mu Julaye! Onjezanipo injini yolira pachabe pa mitsinje khumi ndi iwiri tsiku lililonse. Wakuba wanu ndi ameneyo."

"Koma kutentha kumawononga, a Fabiano. Ndinaona ndi maso anga. Ya a Malizani ija..."

"Ya a Malizani ndinaitsegula ndine. Munalibe oyilo ngakhale dontho. Anali atadontha yense kalekale, palibe amene ankayang'ana. Bokosi louma lingapse ngakhale mutaliviika mumtsinje wa Ruo. Inde, likatentha mopitirira, oyilo amasanduka ngati madzi, pamenepo n'zoipa. Koma pakati pa kupsa ndi kuzizira pali malo ake, a Namakhwa. Ikani dzanja. Ngati mungapirire kwa kanthawi osalichotsa, lisiyeni, lili bwino. Galimoto si tiyi."

A Zakeyu anayang'ana zitini ziwirizo nthawi yaitali. Anakumbukira ndowa zonse zimene anatunga, matope onse amene anakwawamo, msana umene unkawawa usiku ndi usana, malaya amene a Salome ankachapa tsiku lililonse mpaka kutha. Zaka khumi ndi chimodzi. 

Tsiku limenelo anaweruka dzuwa lisanalowe. Anapeza a Salome pakhonde akusenda nandolo wouma. Anakhala pa mpando n'kuwafotokozera zonse, pang'onopang'ono, ngati akunena za munthu wina.

"Ndiye mwaganiza bwanji, abambo ake a Lizzie?"

"Ndikachotsa ziguduli, bokosilo likapsa, ndiye basi, tatuluka ngati a Malizani. Ndikapanda kuchotsa, tatulukabe, ndi dzina la wakuba. Ndikachotsa n'kupezeka kuti a Fabiano akunena zoona, ndiye kuti esiteti yonse idziwa kuti Namakhwa ndi chitsiru chimene chakhala chikusambitsa chitsulo."

A Salome anapitiriza kusenda. "Chitsiru chimalowa m'tchalitchi mutu uli m'mwamba, osati wakuba," anatero. "Ana anu kusukulu akuwaitana ana a petulo. Lizzie dzulo wabwera akulira. Ine kuchigayo ndasiya kupita, ndikusinja pa mtondo, chifukwa ndikangofika amayi onse amakhala chete. Sekedwani, bambo. Kusekedwa kumatha."

"Manja anga anazolowera."

"Azoloweranso zina. Idyani kaye, mwaonda."

M'mawa mwake anadula waya. Ziguduli zinagwa pansi zolemera, zakuda, zonunkha chinyontho. Giyabokosi inaonekera ili ndi dzimbiri m'mbali. Ndowa anaisiya ku galaja, chifukwa ankadzidziwa kuti ikakhalapo aima.

Ulendo umenewo unali wautali kuposa maulendo onse a moyo wawo. Atayandikira mtsinje woyamba, phazi linapita lokha pa buleki, ndipo anachita kulibweza. Amayi ochapa anaimirira n'kuyang'ana lole ikudutsa. Pa chitunda makutu awo anali pansi pa mpando, kudikira kulira kuja kwa galu wopondedwa. Mphuno zawo zinkanunkhiza chitsulo chopsa pamene panalibe. Thukuta linatuluka ngakhale kunali kozizira. Anadutsa mtsinje wachiwiri akunena Salimo chamumtima, mawu ake akusokonekera. Atafika ku Luchenza anazimitsa injini, anakwawira pansi, anazengereza pang'ono, kenaka anaika chikhatho pa chitsulo. Chinali chofunda ngati kapu ya tiyi imene yakhala kanthawi pa tebulo. Analisiya dzanja pomwepo. Onyamula katundu anachita kuwaitana kuti atuluke atsitse mabokosi.

Anaonanso kuti giya inkalowa mofewa, yosafuna kukankha ndi phewa monga kale. Zimenezi sizinawasangalatse. Zinangowaonjezera manyazi.

Anayenda choncho masiku asanu ndi anayi. Tsiku lililonse ndodo inkaonetsa kuti petulo akutsala wambiri kuposa kale. Loweruka bwana anaviika ndodo mu thanki ya a Zakeyu, n'kuviikanso mu ya a Stafford, n'kubwereza. Petulo wotsala wa a Zakeyu anali wochulukirapo, chifukwa iwo sankathamanga.

"Wasiya kuba?" anafunsa bwana.

A Fabiano anafuna kuyankha, koma a Zakeyu anakweza dzanja. Anaona kuti mawuwa ayenera kutuluka pakamwa pawo, pamaso pa onse amene anaunjikana pa galaja.

"Sindinabepo, bwana. Ndinkalakwitsa. Ndinkaziziritsa giyabokosi ndi ziguduli zonyowa monga tinkachitira ndi masamba ku sikelo, ndipo ndinkasiya injini ikulira pa mitsinje. Ndinkayesa ndikuisamala galimoto. Petulo ankathera pamenepo. A Fabiano ndi amene andionetsa."

A Fabiano anamasulira zina m'Chingerezi, akuloza mulu wa ziguduli pakona. Bwana anamvetsera, kenaka anayamba kuseka. Anaseka mpaka kugwira bondo, anaitana kalaliki kuti naye amve. Atatha anangoti, "Chabwino. Kiyi sunga," n'kulowa mu ofesi. Mawu oti pepani sanatuluke, ndipo a Zakeyu sanawayembekezere.

"Alamu," anatero a Stafford akuwagwira paphewa, "tsopano poti mwamusudzula mkazi wachiwiri uja, zitenje zake mundipatse ndikafolerere khola la nkhunda."

Anthu onse anaseka. A Zakeyu nawonso anamwetulira pang'ono, chifukwa kunali koyamba chiyambire nkhaniyi kuti anthu aseke iwo ali pomwepo.

Dzina loti a Chiguduli linawamatirira mpaka imfa. Ana a m'malayini ankalifuula lole ikamadutsa. Panali ena owerengeka amene sanasinthe maganizo, ankati anangochita mantha n'kusiya malonda a kuchigayo, ndipo a Zakeyu sanalimbane nawo. Anayendetsa lole ija zaka zina zitatu. Mu Okutobala, masamba atadzaza, ankaima pamwamba pa chitunda chachikulu, n'kuzimitsa injini, n'kukhudza chitsulo, n'kuyang'ana oyilo, basi. Msana wawo sunachire. Mu 1961 anapempha okha kuti awaike pa geti ya fakitale, ndipo anamwalira chaka chotsatira, mvula yoyamba itagwa.

Koma zimenezo n'zam'tsogolo. Lamlungu lotsatira Loweruka lija linali la Mgonero. A Dickson anawapeza ali pa benchi ya kumbuyo, n'kuwanong'oneza kuti akulu anzawo akuwadikira kutsogolo.

"Fumbi lija lakhazikika?" anafunsa a Zakeyu.

"Lakhazikika, bambo. Tiyeni."

Anakhala kaye pang'ono, manja ali pa mawondo. Mtima wawo unkafuna kuti akane, angopuma pomwepo. Kenaka anaona Lizzie ku mbali ya amayi atatembenuka, akuwayang'ana. Anadzuka pang'onopang'ono, dzanja limodzi lili pa msana, n'kuyenda pakati pa mabenchi kupita kutsogolo.